Chitini cha a Kamphinda

Ana anga, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga, poti tsopano ndidapuma ndipo ndimangokhalira kukangana ndi nkhuku kuno ku Mpingu. Za ubwana wanga ndazidumpha, mulibe chimene mungatolemo. Ndiyambira tsiku limene ndidagwira choko koyamba. Iwe Tiyamike, gawo lino likukhudza iweyo kuposa abale ako, ndipo ukaona kuti ndakondera mbali yanga usadabwe, cholembera ndagwira ndine.

Chaka choyamba cha ntchito, ku Kabudula

Adanditumiza kukaphunzitsa masamu ndi sayansi pa sekondale ina yoyendera cha ku Kabudula. Ndidafika pa lole yonyamula fodya, sutikesi ili pamiyendo, jekete langa litafiira ndi fumbi. Ahedi a pamenepo, a Chisale, adali munthu wamfupi wosachedwa kuseka. M'mawa mwake adanditenga kukandionetsa labotale. Atakankha chitseko ndidaona sinki yopanda mpope, mipando yothyoka, ndi matumba a mtedza wawo ataunjikidwa pakona.

"Labotale yanu ndi imeneyi, a Mbewe."

"Nanga zipangizo zili kuti, bwana?"

"Zipangizo ndinuyo, aphunzitsi. Boma latitumizira inuyo, china mukufuna chiyani?"

Ndidapsa mtima, koma ana ankandidikirabe m'kalasi. Ndidayamba kuwatulutsa panja. Kutalika kwa mtengo wa bulugamu tinkakupeza poyeza mthunzi wake ndi mthunzi wa ndodo. Mphamvu ya mpweya tinkaiona ndi pampu ya njinga yobwereka. Tsiku lina ndidauza atsikana kuti abwere ndi chidulo cha amayi awo, anyamata abwere ndi mandimu, tidafinyira maluwa ofiira m'madzi, ndipo madziwo atasintha mtundu ana adakuwa mpaka a Chisale adathamanga kudzaona ngati m'kalasi mwalowa njoka. Kumeneko ndi kumene ndidaphunzira kuti mwana sachedwa kuiwala zimene wangomva, koma zimene wachita ndi manja ake zimakhala.

Zaka za ku Nsaru

Ku Nsaru ndi kumene dzina langa lidamveka, ndiponso ndi kumene ndidakwatira amayi anu. Ana adali ochuluka, mabuku ochepa, kotero ndidayamba kuwagawa m'magulu, gulu lililonse buku limodzi ndi funso lake. Ahedi a kumeneko adali mayi okonda bata. Ankaima pakhomo atakwinya nkhope n'kumati, "A Mbewe, kodi muno ndi m'kalasi kapena ndi pamsika?" Zotsatira za mayeso zitatuluka adasiya kufunsa. Oyendera sukulu adayamba kubwera ndi aphunzitsi a sukulu zina kuti adzaone mmene ndimachitira, ndipo kuyambira ku Kasiya mpaka ku Nambuma ankanditchula kuti Mbewe wa magulu. Sindibisa, dzinalo linkandikoma. Popita kutchalitchi ndinkayenda ngati munthu amene wasiya galimoto kunyumba, pamene ndidalibe ndi njinga yomwe.

Mwa ana amene adadutsa m'manja mwanga kumeneko mudali wina woonda, dzina lake Kamphinda, wofunsa mafunso mpaka kutopetsa. Ndine ndidamuphunzitsa kagwiridwe ka kampasi. Zimenezo muzikumbuke tikamapitirira.

Chaka chimene ndidapita ku koleji

Patapita zaka adandiitana kukaphunzitsa pa koleji ya aphunzitsi ya mpingo cha ku Namitete, ndipo posakhalitsa adandiika kukhala mkulu wa gawo la masamu ndi sayansi. Ophunzira ake adali a mitundu iwiri. Padali achinyamata ongomaliza kumene Fomu 4, ndiye padali azibambo amene adaphunzitsa zaka zambiri m'midzi opanda satifiketi, ena a imvi, ena akulu a mpingo kwawo. Magulu anga ndidabwera nawo. Gulu linkakambirana, n'kulemba yankho limodzi papepala limodzi, ndipo malikisi amene ndapereka ankakhala a onse. Magulu a ku koleji adali aulemu, opanda phokoso la ku Nsaru lija, ndipo yankho linkatuluka msanga. Ine ndinkati ndi kukhwima maganizo. Koma akakhala pa mayeso a yekhayekha ambiri ankagwa, makamaka atsikana, ndipo ndinkawakalipira kuti ndi aulesi.

Chaka chimene a Kamphinda adabwera

Ophunzira atachuluka, koleji idagawa kalasi pawiri n'kulemba mphunzitsi wina. Tsiku limene adafika ndidamuzindikira asadatsike ndi panjinga pomwe. Adandipatsa moni ndi manja awiri atapinda mawondo, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndabwera kudzapitiriza kuphunzira kwa inu." Ndidakondwa. Chokhacho, kumutchula kuti a Kamphinda pamaso pa ophunzira kunkandikakamira pakhosi.

Ine ndidatenga kalasi A, iwo kalasi B, ndipo pakati pathu padali khoma losafika kudenga. Pasadathe mwezi ndidayamba kumva zachilendo. Kunkayamba kuli zii, kenako ngwe ngwe ngwe ngati munthu akuponya timiyala m'ndowa, kenako mkangano wa kalasi yonse, kenako phwete la kuseka. Ophunzira anga ankalemba maso ali kukhoma. Ndidapirira, koma tsiku lina ndidatenga mpando n'kukakhala kumbuyo kwa kalasi yawo, ati kuyendera monga mkulu wa gawo. Kunena zoona, ndinkafuna kupeza cholakwika.

Pa desiki ya wophunzira aliyense padali njere ya chimanga, ya mtedza ndi ya nyemba. A Kamphinda adanyamula kachitsulo kozungulira kokhala ndi bowo pakati, ndi bauti ya ngolo imene inkakana pang'ono kulowa pabowopo. Adafunsa kuti, "Tikatenthetsa chitsulochi pamoto, bowoli litani? Ngati mukuti lichepa, ponyani chimanga. Ngati likula, mtedza. Ngati likhala chimodzimodzi, nyemba. Musauze mnzanu." Kutsogolo kudali a Chikuse, bambo wamkulu amene chaka chapitacho adabwereza atalephera m'kalasi mwanga, ndipo iwo sadadikire. Adalankhula mokweza ngati akulengeza kutchalitchi: "Lichepa. Chitsulo chikafufuma chimadya bowo." M'kalasi mwanga nkhani ikadathera pomwepo.

Chitini cha mafuta ophikira chokutidwa ndi nsalu chidayenda mzere ndi mzere, aliyense akulowetsa dzanja atafumbata. A Kamphinda adachikhuthulira patebulo. Mulu wa chimanga udali waukulu, koma wa mtedza sudali wochepa. Pamenepo adati, "Mwaona, simukugwirizana. Aliyense apeze mnzake woganiza zosiyana naye, mukangane." Ndidaona mtsikana wina wamanyazi akujambula pansi ndi choko, akufotokozera a Chikuse kuti anthu ogwirana manja pabwalo la gule aliyense akatambasula mikono bwalo limakula, silichepa. Ataponyanso, mtedza udaposa. A Kamphinda adaika chitsulo chija pambaula, adachipana ndi pulayasi chitatentha, ndipo bauti ija idangodutsa. Kalasi idaphulika. A Chikuse adaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo palibe amene adachita manyazi.

Ophunzira atatuluka ndidafunsa kuti, "Zimenezi mudazitenga kuti?"

"Kwa inu, aphunzitsi. Si inu mudatiphunzitsa kuti tizigwira ndi manja? Kungoti nditafika kuno ndidaona kuti pagulu mwana sangatsutse munthu wa msinkhu wa bambo ake. Wamkulu akalankhula, ena amangoti ndi momwemo. Ndiye ndidati aziyamba kutsutsa m'chitini, mmene simuoneka dzanja la munthu."

"Nanga malikisi mumapereka bwanji, poti njere zilibe maina?"

"Lachisanu lililonse aliyense amalemba yekha yankho limene adayamba nalo, limene adamaliza nalo, ndi chimene chidamusinthitsa. Ndimachonga chifukwacho. Wolakwa yankho koma woganiza bwino amapezako kanthu."

Ndidangoti, "Muziona nthawi, silabasi ndi yaitali," n'kutuluka. Chimene chidandiwawa n'chakuti iwo adaona m'mwezi umodzi chinthu chimene ine ndidakhala nacho zaka osachiona, ndiye n'kumanenanso mwaulemu kuti adachitenga kwa ine. Akadakhala wamwano zikadandipepukira. Kunyumba ndidauza amayi anu kuti mnyamata uja akuseweretsa mbewu. Iwo adangopitiriza kusenda mtedza n'kuti, "Mwafotokoza za mnyamatayo kuyambira pachipata, bambo a Tiyamike. Madzi osamba akuzizira." Tchuthi china makoswe adalowa m'kabati n'kudya njere zonse za kalasi B, ndipo ine ndidadya bwino tsiku limene ndidamva. Sukulu itatsegulidwa ophunzira adabwera ndi zina kuchokera kwawo, zosankhidwa bwino.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangotengera njirayo. Mbewe wa magulu akapemphe chitini kwa mwana amene adamuphunzitsa kugwira kampasi? Ndidapitiriza magulu anga, ndikuwakonzakonza apa ndi apo, ndipo sadali oipa monga mmene ena amanenera masiku ano.

Zaka ziwiri za Tiyamike

Kenako iwe Tiyamike udasankhidwa kubwera pa koleji yomweyo, ndipo dzina lako lidagwera m'kalasi A. Anzanga ankati mwana wa a Mbewe masamu adayamwira, enawo angolimbirana nambala yachiwiri. Iwe unkakhala pakati, ukulemba mwaukhondo, osatsegula pakamwa. Kumapeto kwa chaka udakhoza maphunziro ena onse, masamu n'kulephera. Lamulo la koleji lidali lakuti wolephera amapatsidwa mwayi umodzi wokha. Akalepheranso amanyamula katundu, uphunzitsi wathera pomwepo.

Ndinkakukhazika pakhonde madzulo aliwonse. Ndinkafotokoza pang'onopang'ono, monga ndidafotokozera ana a anthu ambirimbiri amene lero ndi madokotala ndi ahedi, n'kufunsa kuti, "Wamva?" Iwe unkati, "Ndamva, ababa." Ndikakupatsa funso unkangoyang'ana pepala. Ndikakweza mawu unkati, "Pepani, ababa." Teremu yoyamba ya chaka chachiwiri idatha malikisi ako asadasunthe.

Tsiku lina amayi ako adandipeza kudimba n'kunena mosazungulira. "Mwanayu mumupereke kwa a Kamphinda."

Ndidaponya khasu pansi. "Ine amene ndaphunzitsa boma lonse la Lilongwe ndilephere mwana wanga? Anthu ati chiyani?"

"Mwanayu si wouma mutu, amakuopani. Kunyumba ndinu bambo ake, kusukulu ndinu aphunzitsi ake, pagulu lake palinso azibambo ena. Alankhulire pati?"

"Ndiye ndimuchotse m'manja mwanga ndikamupatse mnyamata wa nyemba uja, eti?"

"Kodi mukufuna mwana akhoze, kapena mukufuna anthu anene kuti wamukhozetsa ndinu?"

Ndidatola khasu lija n'kupitiriza kulima, ndipo masiku angapo tinkangopatsana moni ngati alendo. Chimene chidandigonjetsa sichidali mawu awo. Tsiku lina ndidatulutsa kalasi yanga msanga chifukwa choko chidatha, ndipo pobwerera kuchokera ku ofesi ndidakupeza utaima panja pa windo la kalasi B, ukumvetsera. Milomo yako inkayenda. M'dzanja udali utafumbata njere ya mtedza. Utandiona udabisa dzanjalo kumbuyo ngati ndakugwira ukuba, n'kugwada. Ndidangokudutsa. Mwana wanga ankaphunzira masamu mobisala, pa windo la munthu wina.

M'mawa mwake ndidapita kwa mkulu wa koleji, bambo wodekha amene tidakalambira limodzi pantchito. Atamva pempho langa adavula magalasi.

"A Mbewe, mukudziwa zimene anthu anene?"

"Ndikudziwa, bwana. Anena kuti Mbewe watha."

"Ndipo mukuvomera?"

"Sindikuvomera. Koma mwanayu akalepheranso, dzina langalo adya?"

Adandilola. A Kamphinda ndiwo adavuta. Adaimirira n'kumapisa manja m'matumba, kuwatulutsa, kuwapisanso. "Aphunzitsi, sindingathe. Anthu ati ndikukunyozani. Bwanji ndizimuthandiza mwakachetechete Loweruka?" Ndidawauza kuti mwana wanga waima pa windo mokwanira, alowe pakhomo anthu akuona, ndipo ili si pempho koma lamulo la mkulu wa gawo. Kulamula kumeneko ndi kokhako kumene kudanditsalira, ndiye ndidakugwiritsa ntchito.

Anthu adanenadi. Ndikalowa m'chipinda cha aphunzitsi nkhani inkaduka, wina n'kuyamba kufunsa za mvula. Mphunzitsi wina wa Chingerezi, amene sitinkamwerana madzi, adandifunsa pa tiyi ngati ndingamugulitseko nyemba. Koma zimenezo zidali zazing'ono. Chachikulu chidali khoma lija. Patatha milungu ingapo, ndili pakati polemba pabolodi, ndidamva mawu a mtsikana kuseri akuuza bambo wina wa m'kalasimo kuti, "Ayi, abambo, taonani kaye apa, mwadumpha sitepe!" Adali mawu amphamvu, oseka. Ndidatenga kanthawi ndisadazindikire kuti ndi ako, chifukwa ndidali ndisadawamvepo akukwera chotero. Ndidaima choko chili m'mwamba mpaka wophunzira wina adafunsa ngati ndili bwino. Ndidakondwa, inde, koma nsanje imene idandigwira tsiku limenelo ndikuimvabe pamene ndikulemba pano.

Nyengo yokolola ya chaka chomwecho

Pa tchuthi tidabwera kuno ku Mpingu. Chimanga chidachita bwino, kuwirikiza kawiri cha chaka chapitacho, ndipo ndidaitana munthu woluka nkhokwe. Adakhoma chikhomo pansi, adamangirira chingwe kuti ajambule pozungulira, n'kufunsa kukula kwake. Padali amayi anu, alamu anga ndi anthu ena othandiza kututa. Ine, maganizo ali pa ngolo imene inkachedwa, ndidati, "Chimanga chachuluka kawiri, ndiye itambalale kawiri kuposa yakale ija. Msinkhu womwewo."

Iwe udali pamphasa ukusenda mtedza. Ndikukumbukira bwino. Udasiya lichero, udabwera n'kugwada pafupi nane monga mwa nthawi zonse, koma maso sudagwetse pansi.

"Ababa, mwalakwitsa."

Amayi ako adagwira pakamwa. Alamu anga adayang'ana kumbali.

"Ikatambalala kawiri ilowa chimanga cha nkhokwe zinayi, osati ziwiri. Ikukula uku ndi uku, kawiri kuchulukitsa ndi kawiri. Tiononga nsungwi, ndipo ikhala yosadzaza. Angoonjezera pang'ono, osafika ndi theka lomwe."

Ndidadziwa usadamalize. Zimenezo ndidaziphunzitsa pabolodi zaka zonse za moyo wanga, ndipo ndidakuphunzitsanso iweyo pakhonde paja ukuti ndamva ababa. Ndidafunsa ndi mawu aukali, chifukwa mawu ena sadabwere, kuti, "Wakuphunzitsa ndani kuyankha bambo ako pagulu?"

"A Kamphinda amati tikaona cholakwika tizinena, bola tifotokoze chifukwa chake. Kodi ndalakwa masamuwo, ababa?"

"Sudalakwe."

Ndidauza woluka uja kuti amvere mwanayo, ndipo ndidapita kukaona ngolo imene ndinkadziwa kuti sidafike. Kuseri kwa chigafa cha fodya ndidaima ndekha kanthawi. Pamenepo ndidadziwa kuti ukhoza, ndipo zotsatira zitatuluka udakhozadi, dzina lako lili kufupi ndi pamwamba. Moyo wanga wonse ndinkafuna wophunzira woti andiyang'ane m'maso n'kundiuza kuti ndalakwitsa. Atapezeka adali mwana wanga wobereka ndekha, koma womuumba adali wina.

A Kamphinda adalowa m'malo mwanga nditapuma. Amabwerabe kuno ndi shuga ndi buledi, amavula chipewa pachipata, amanditchulabe kuti aphunzitsi. Ndafufuza chowadera zaka zonsezi osachipeza. Munthu wotere ndi wovuta kumuchitira nsanje, koma ine ndakwanitsa.

Iwe Tiyamike tsopano ukuphunzitsa aphunzitsi anzako masamu, ndipo anthu akakufunsa amene adakuphunzitsa umatchula a Kamphinda osaganiza kawiri. Sindikudandaula, ndi zoona. Koma mwezi watha kudabwera mtsikana wina wa m'mudzi muno amene ali m'kalasi mwako, ndipo adandifotokozera funso limene umayamba nalo chaka chilichonse, la nkhokwe yotambalala kawiri. Adati yankho lolakwika lija umawauza kuti ndi la bambo wina wa ku Mpingu.

Ndidamufunsa ngati ambiri amasankha yankho la bamboyo. Adati poyamba pafupifupi kalasi yonse.

Ndiye nanenso ndikuphunzitsabe, mwana wanga, ngakhale wandiika kumbali ya olakwa.